Mawaya Awiri a Thalakitala ya Malemu

Kumidzi ya kumalire a Mchinji, kumene kale kunali minda ikuluikulu ya fodya, kunkakhala mlimi wina amene anali ndi thalakitala yakalekale. Inali yotuwa, yaing'ono, yopanda denga. Inali ya mtundu uja wodzuka ndi petulo, ikatentha n'kumamwa palafini. Ankailiza ndi handulo, chitsulo chopindika chimene umalowetsa kutsogolo n'kupukusa ndi dzanja. Mwini esiteti atachoka anaisiya pansi pa mtengo poganiza kuti inafa. Mlimiyo anaikoka ndi ng'ombe, naidzutsa.

Ikalira, munthu unkaimva uli kutsidya kwa dambo. Inkalira mofanana, mosathamanga, ngati amayi anayi ogwirizana akusinja pamodzi. Inalima minda ya mudzi wonse. Inanyamula njerwa za tchalitchi. Inanyamula odwala, inanyamulanso akufa, chifukwa manda a mudziwo anali patali, kutsidya kwa mtsinje, pamwamba pa mtunda.

Mlimiyo anali ndi mwana wamwamuna, woyamba kubadwa. Mwanayo anakula mpaka kumera ndevu akulima ndi thalakitala ya bambo ake. Mayi ake atamwalira, bambo anakwatira mkazi wina, Nankhoma, wochokera kumudzi wakutali, wopanda mbale aliyense kuderako. Mwana uja sanakondwe. Anasiya handulo pakhonde, napita kutauni kukasenza matumba kuchigayo, ndipo kumudzi ankangobwera mwa apo ndi apo.

Kenako mlimi anadwala. Anadwala dzinja lonse mpaka chilimwe. Achibale ankadutsa panjira n'kufunsa ali chiimire kuti odwala agona bwanji, osalowa. Amene ankamutembenuza pamphasa ndi kumuchapira zofunda anali Nankhoma yekha. Uthenga wopita kwa mwana unayenda m'kamwa mwa anthu, aliyense n'kuganiza kuti mnzake wanena kale. Pamene unkafika kuchigayo, sunalinso uthenga wa matenda.

Mwana anafika bambo ake atasambitsidwa kale, maso atatsekedwa kale, bokosi litakhomedwa. Anakhala pansi kuseri kwa nkhokwe, mtima ukuwira. Mumtima ankati: woyamba ndine. Madzi omaliza akanamwa a m'dzanja langa. Mawu omaliza akanalowa m'khutu langa. Zonsezo watenga mlendo amene wabwera dzulodzuloli. Sanamupatse moni Nankhoma. Sanamuyang'ane n'komwe.

Ndipo achibale aja, amene sanabwere ndi phala pa matenda, anabwera ndi pakamwa pa maliro. Anadzaza bwalo. Analira mokweza kuposa wamasiye.

Tsiku loika linali lotentha kwambiri, la mwezi wa Okutobala, ndipo thupi silikanadikira. Anakweza bokosi pangolo ya thalakitala. Nankhoma anamukhazika kutsogolo kwa ngolo, pamutu pa bokosi, monga achitira ndi wamasiye. Pachiwongolero panakhala mwamuna wina wa m'mudzimo, Lufeyo, amene ankamuthandiza malemu nthawi yolima. Anapukusa handulo mpaka thukuta kutsika m'chibwano. Injini inadzuka, koma inadzuka ikutsokomola. Inkalira, n'kudumpha, n'kuliranso. Thalakitala yonse inkanjenjemera ngati munthu wa malungo.

Mkulu wa adzukulu, anthu okumba manda aja, dzina lake Sandalamu, anaseka. Adzukulu pamaliro saletsedwa kuseka. Anamenya ngolo ndi chikhatho n'kuuza bokosi kuti achimwene asiye ulesi, nyumba yawo yatsopano yatha kale, yopanda lendi, yopanda alendo obwera kudzadya. Ena anaseka chamumtima. Ulendo unayamba, thalakitala ikutsimphina patsogolo, anthu akuimba pambuyo.

Pamalo athyathyathya inayenda choncho. Inatsikira kumtsinje, nawoloka pamchenga. Koma itayamba kukwera mtunda wa kumanda, mphamvu zinaithera. Inakwera pang'ono, n'kubwerera chammbuyo. Lufeyo anasintha giya, nayesanso. Inabwereranso. Atayesanso, inawomba ngati mfuti, lawi la moto linatuluka m'paipi ya utsi, amayi anabalalika, nyimbo inaduka pakati.

Mukudziwa chimene anthu athu amanena zikatere. Bokosi likalemera, galimoto ikafa panjira ya kumanda, sitinena kuti chitsulo chatopa. Timati maliro akukana. Timati malemu akwiya, sakufuna kupita asanatiloze amene wawadya. Ndipo maso a anthu amayamba kufunafuna. Safuna pakati pa amphamvu. Amafuna amene alibe womuyankhira.

Mchemwali wa malemu, azakhali a mwana uja, anavula duku naliponya pansi. Anati mlongo wawo wanyamula maliro a mudzi wonse pamtunda womwewu ndi thalakitala yomweyi, sinakanepo, lero ikana bwanji mwini wake? Anati m'nyumba muja munkagona anthu awiri, mmodzi ali m'bokosi, winayo wakhala apo wonenepa. Analoza ngolo.

"Tsika, mfiti iwe. Tsika tione ngati sakwera."

Sandalamu anasiya nthabwala. Adzukulu anzake anagwira bwino mipini ya makasu awo. Anyamata ena anali atayamba kutola miyala ya mumtsinje. Aliyense pamenepo ankadziwa zimene zimachitika mkazi akatsitsidwa pangolo ya maliro ndi dzina lotere. Ngati wachita mwayi, amachoka ndi nsalu ya m'thupi yokha, nyumba ikuyaka kumbuyo. Ngati alibe mwayi, adzukulu amakumba dzenje lachiwiri. Nankhoma anangoika dzanja pabokosi.

Mwana uja anali kumbuyo kwa gulu, ndipo khutu lake linali litamuuza kale zoona. Thalakitala imeneyo ankaidziwa kulira kwake. Mwa misi inayi ija, iwiri yokha ndiyo inkasinja. Umenewo sunali mzimu. Linali vuto la mu injini. Pa anthu onsewo, wodziwa zimenezi anali iye yekha, pakuti Lufeyo ankangodziwa kuwongolera.

Ndipo mawu ena anamunong'oneza mumtima: khala chete. Sunatole mwala. Sunatukwane munthu. Ingokhala chete, ena akugwirire ntchito.

Anakhala chete. Mwala woyamba unagunda thabwa la ngolo.

Ndisakunamizeni kuti anadzuka chifukwa cha chifundo. Chifundo panthawiyo analibe. Chimene chinamudzutsa n'chakuti sanathe kupirira kumva anthu akuwanamizira bambo ake. Munthu amene moyo wake wonse sanalozepo mnzake chala, lero ali m'bokosi sangayankhe, amoyo akumuika mawu m'kamwa. Anakankha anthu, nafika kutsogolo, n'kuuza Lufeyo kuti asaizimitse, aisiye ikulira. Anauza azakhali ake kuti mwini maliro ndi iye, ndipo palibe atsike pangolo iye asanatsegule boneti. Azakhali anati chiphunzitso cha kutauni chamuwononga mwanayu. Koma anthu anaima kaye, chifukwa anthu amakonda kuonerera.

Injini imafuna zinthu zitatu: mafuta, mpweya ndi moto. Anayamba ndi mafuta. Pansi pa thanki pali kagalasi konga kapu, koonetsa ngati mafuta ali ndi madzi kapena zinyalala. Anakayang'ana padzuwa. Mafuta anali oyera. Anaika chikhatho polowera mpweya, ndipo injini inachikoka mwamphamvu. Mpweya unalipo. Panatsala moto.

M'mbali mwa injini muli mapulagi anayi, ondandana pamzere, iliyonse ndi waya wake wobweretsa moto. Njira yopezera pofooka ndi iyi: umazula waya mmodzi injini ikulira, n'kumvetsera. Anakulunga dzanja ndi malaya, nazula waya woyamba. Injini inatsala pang'ono kufa. Ameneyo anali wamoyo. Anamubwezera. Anazula womaliza, chimodzimodzi. Anazula wachiwiri, kulira sikunasinthe. Anazula wachitatu, sikunasinthenso. Awiri apakati sankagwira ntchito.

Anaganiza kuti mapulagi awiriwo afa, ndipo pamtsinje paja panalibe kogula ena. Anazimitsa injini, namasula pulagi yachiwiri ndi sipanala. Inatuluka yonyowa ndi mafuta osapsa. Anaibwezera waya wake, naigoneka pachitsulo cha injini, n'kuiphimba ndi chipewa kuti pachite mthunzi. Anauza Lufeyo kuti apukuse handulo.

Mumthunzi wa chipewa muja anaona moto. Kamoto kakang'ono, kobiriwira ngati mphezi ya kutali, kakudumpha pakati pa tizitsulo tiwiri, kakuthetheka. Kanadumpha, kanadumphanso, osaphonya. Anayesa pulagi yachitatu, namonso momwemo. Chitsulo chimenechi chinapangidwa iye asanabadwe, ndi anthu amene anafa kalekale kudziko limene sadzalionapo, koma mkati mwake, mumdima, kamphezi aka kanali kakung'anima tsiku lililonse limene bambo ake ankalima, osaonedwa ndi munthu. Ndipo lero kanalipobe. Mwini wake wagona m'bokosi, moto wake sunazime.

Mafuta alipo. Mpweya ulipo. Moto ulipo. Nanga bwanji sikukoka?

Apo m'pamene anaona chimene mkwiyo unamubisira poyamba. Injini inali yoyera. Bambo ake sanaitsukepo, ankati mafuta akuda ndiwo malaya ake. Koma tsopano chitsulo chinkawala, mawaya anali opukutidwa, onse anayi atagona mowongoka bwino, ndipo awiri apakati aja anali atamangidwa pamodzi ndi kansalu kong'ambidwa kuchitenje. Anakweza maso. Nankhoma anali pomwepo, pangolo, kuseri kwa mpando wa thalakitala, ndipo maluwa a pakansaluko anali omwewo a pachitenje chimene anamanga m'chiuno.

Mkaziyo analankhula motsitsa, moti amene anamva ndi mwana uja yekha.

"Ndinatsuka ndine, bambo. Bambo anu anandituma okha, amati asapite pa chinthu chakuda. Mawayawo anali opingasana, ndiye ndinati ndiwawongolere."

Tsopano taganizani chimene mwana uja anagwira m'dzanja. Poyamba anangoyenera kukhala chete. Tsopano akanangonena zoona. Akanakweza kansaluko m'mwamba n'kunena kuti taonani chimene ndapeza chitamangidwa mu injini, taonani chitenje chake. Palibe akanamutcha wabodza. Palibe akanafunsa za mawaya. Kwa anthu amene agwira miyala, kansalu komangidwa pobisika ndi chithumwa basi. Azakhali anali atasuzumira kale, akufunsa kuti wapeza chiyani, bwanji waima.

Iye anayang'ana mfundo ya kansaluko. Inali mfundo yomangidwa mosamala, ngati ya pabala la mwana. Anaona m'maganizo mwake munthu wodwala ali pamphasa pakhonde, akudziwa ulendo wake, ndi mkazi atagwada padzuwa ndi beseni, akutsuka chitsulo chimene sakuchidziwa, chifukwa mwamuna wake wapempha.

Anamasula mfundoyo, nazula mawaya awiri aja pamapulagi awo, n'kuwasiya.

Mawaya akale amauma. Amasunga mapindikidwe amene akhala nawo zaka zambiri. Atangomasulidwa, anayenda okha. Wina anapendekera kumanja, wina kumanzere, napingasana pamaso pake, aliyense n'kukaima pamwamba pa pulagi ya mnzake, ngati ng'ombe zolowa m'khola madzulo, iliyonse pamalo pake. Sandalamu, amene anali pafupi, anavula chipewa.

Pamenepo mwana anakumbukira chimene manja ake ankadziwa kale. Mapulagi amaima pamzere, woyamba, wachiwiri, wachitatu, wachinayi. Koma moto suyenda pamzere. Umayamba kwa woyamba, n'kudumphira kwa wachitatu, n'kupita kwa wachinayi, n'kubwerera kwa wachiwiri. Amene anapanga injini anakonza choncho dala, kuti kulemera kugawanike, chitsulo chapakati chisagwedezeke mpaka kuthyoka. Ndiye mawaya ayenera kupingasana. Ukawawongola kuti akongole m'maso, moto umafikabe, koma umafika pa nthawi ya wina. Umapsereza pachabe. Umawomba ngati mfuti, osakoka kanthu.

Anabwezera mapulagi, nakankhira waya aliyense pamene anadzisankhira. Kansalu kaja anapukutira manja, monga achitira amakaniko ndi nsanza iliyonse, n'kukaika m'thumba. Anatenga handulo kwa Lufeyo, napukusa yekha.

Injini inadzuka. Misi yonse inayi inagwa, uwu pambuyo pa uwu, mofanana, mosathamanga. Kunjenjemera kunatha. Utsi unayera. Kulira kumene mudzi wonse unkakudziwa kunadzaza mtsinje, ndipo amayi ena anayamba kulira mwatsopano, chifukwa zinali ngati mwini wake walankhula.

Azakhali anafunsanso kuti chinali chiyani, anachita ndani.

"Bambo sanakane, azakhali. Mawaya awiri anasinthana malo. Tayani miyalayo, pakufunika manja okwirira manda."

Anakwera pachiwongolero. Asanalowetse giya anatembenuka, n'kuuza Nankhoma kuti, Amayi, gwirani bokosilo bwino, pamtundapa pali mabampu. Kuyambira tsiku limene mkaziyo analowa m'nyumba ya bambo ake, anali asanamuitanepo choncho. Thalakitala inakwera mtunda osapuma, ngolo, bokosi, wamasiye ndi makasu a adzukulu. Anthu anaitsatira pambuyo, manja ali lende, ndipo panatenga nthawi kuti wina ayambitsenso nyimbo.

Abale anga, tanthauzo lake ndi ili.

Injini ndi moyo wathu, ndipo amene anaipanga ndi Mulungu. Ife timaima pamzere. Timadziwa woyamba kubadwa, timadziwa wobwera mochedwa, timadziwa mwini mudzi ndi mlendo. Timafuna kuti moto wa Mulungu uyende motsata mzere wathuwo: woyamba ayambe, wamkulu atsogole, wokalamba afe mwana asanafe, mwana atseke maso a bambo ake. Koma moto wake umadumpha. Umasiya amene tikumuyembekezera, n'kukagwa pa amene sitinamuwerengere. Mwana woyamba amakhala kutali akusenza matumba, ndipo chikho chomaliza chimaperekedwa ndi mlendo. Zimapweteka. Sindikuuzani kuti sizipweteka. Zimaoneka zopingasana, ndipo n'zopingasanadi. Koma anazipingasa ndi amene amaona mkati mwa chitsulo, mumdima momwe ife sitiona, amene amadziwa pamene chingathyokere. Mulungu akanadikira mzere, wodwala uja akanafa ndi ludzu.

Mkazi uja anawongola mawaya posadziwa, ndipo anawongola chifukwa cha chikondi. Mulungu alibe naye mlandu. Mlandu uli ndi ife, amene zikapanda kuyenda monga tinafunira timathamangira kutola miyala. Sitinabwere pa matenda. Sitinachape chofunda. Koma pamaliro timadziwa zonse, timadziwa ngakhale zimene wakufa akuganiza, ndipo timamubwereka pakamwa kuti atitukwanire amasiye. Akufa sakana ulendo wawo. Iwo afika kale. Otsala pamtsinje, akutsokomola ndi kuwomba pachabe, ndife amoyo.

Choncho tsiku limene moyo wanu udzayamba kudumpha, imfa ikadzalowa mosatsata mzere, dalitso likadzapita kwa amene mumamuona ngati womaliza, musadzayang'ane nkhope za anthu kufuna wolakwa. Dzagwadeni, mudzachite mthunzi ndi chipewa chanu, mudzayang'anitsitse. Moto mudzaupeza ulipo. Sunazimepo ngakhale tsiku limodzi. Ukungoyenda m'njira ya Mwini wake, ndipo ntchito yanu si kuuwongola ayi. Chotsani dzanja lanu, muope Mulungu, mukaike maliro anu mwamtendere.